"Anandigwira Pakhosi": Kodi Inde Wotere Ndi Wandani?



Pali mawu ena amene timawalankhula mopepuka, nthawi zina mpaka tikuseka, koma ukawayang'anitsitsa amaopsa. Ena mwa iwo ndi akuti "kugwira pakhosi." Mumawamva paliponse. Wina akagula foni imene sanaikonzekere amati, "Wogulitsa uja anachita kundigwira pakhosi." Mayi wa banki mkhonde akachedwa kubweza, anzake amapangana kuti Loweruka akamugwire pakhosi. Pa wailesi timamva kuti mabungwe agwira boma pakhosi pa nkhani ya kukwera mitengo kwa zinthu. Palibe amene amaganiza kuti dzanja lafikadi pakhosi pa munthu. Tanthauzo lake tonse timalidziwa: munthu wapanikizidwa mpaka wavomera, kapena wachita, chinthu chimene akanamusiya yekha sakanachita.

Funso limene landivutitsa masiku ano ndi lakuti, n'chifukwa chiyani khosi? Thupi lili ndi ziwalo zambiri. Khutu liripo, ndipo makolo analigwiritsa kale ntchito: wakutsina khutu ndi mnansi. Koma wokutsina khutu amakuchenjeza basi, kenako amakusiya upite, zomvera kapena kusamvera zili kwa iwe. Khosi ndi nkhani ina. Mpweya umadutsa pamenepo, chakudya chimadutsa pamenepo, mawu nawonso amatulukira pomwepo. Wokugwira pakhosi wagwira moyo wako ndi liwu lako ndi dzanja limodzi.

Ndiye taonani mmene Chichewa chimalitengera khosi. Munthu akafuna kulankhula zimene zikumupweteka mumtima timati akunena zakukhosi. Akasunga mkwiyo timati ali ndi chakukhosi. Nkhani ikatha bwino, iye n'kukhutira, amati kukhosi kwanga kwayera, kapena kukhosi kuli mbee. Choncho kwa ife khosi si paipi yodutsa nsima chabe ayi. Ndi pamene pamakhala chimene munthu akufunadi kunena. Ukamugwira pamenepo watseka njira ya zakukhosi zake. Adzatulutsa "inde" amene ukumufunayo, koma "ayi" amene anali naye sanapite kulikonse. Watsalira pomwepo, ndipo pakapita masiku amasanduka chakukhosi. Ine ndimaona kuti amene anayambitsa mawu amenewa anamvetsa zambiri kuposa ife amene timangowatchula.

Mawu otanthauza kusintha maganizo a mnzako tili nawo ambiri. Pali kupempha, kuchonderera, kunyengerera, kukopa. Palinso kuumiriza, kukakamiza, kupanikiza, kugwira pakhosi, mpaka kumuika munthu mpeni pakhosi. Ambiri timaganiza kuti kusiyana kwa magulu awiriwa kuli pa kukweza mawu: woyamba amalankhula mofatsa, wachiwiri amakalipa. Sindikugwirizana nazo. Ndaonapo anthu akukalipa kwinaku akungopereka malangizo, ndipo ndaonaponso anthu akugwira anzawo pakhosi akumwetulira, tiyi ali patebulo.

Tiyerekeze chonchi. Dokotala wauza bambo wodwala shuga kuti akapanda kusintha kadyedwe, tsiku lina mwendo udzadulidwa. Mawuwo ndi oopsa, ndipo bamboyo atuluka ali njenjenje. Koma dokotalayo sanamugwire pakhosi, chifukwa si iye amene adzabweretse vutolo. Wangonena zimene matendawo amachita. Tsopano tengani bwana amene wauza mtsikana wofuna ntchito kuti akapanda kukumana naye madzulo, kalata yake siyenda. Apa vuto limene likubwera pambuyo pa "ayi" wapanga ndi bwanayo, ndi manja ake, ndi cholinga choti "ayi" akhale wodula. Wokopa amakuuza za chinthucho, ubwino wake ndi kuipa kwake. Wogwira pakhosi sakusowanso kukuuza za chinthucho. Amakuuza zimene iye akuchite ukakana.

Dziko lathu lino likudziwa bwino mmene pempho limasandukira dzanja pakhosi. Mawu akuti "thangata" poyamba anali abwino: kuthangata ndi kuthandiza, monga anthu a mudzi umodzi amathandizirana kumunda. Nthawi ya atsamunda, m'maesiteti a kumapiri a Shire, mawu omwewo anadzatanthauza ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira kuti aloledwe kukhala pamalo amene mzungu wati ndi ake. Dzina linakhala lomwelo la kuthandizana, koma wokana ankayembekezera kuthamangitsidwa. Thangata ameneyu anali chimodzi mwa zimene zinabutsa kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915.

Ife a zaka za m'ma 20 sitinaone nthawi ya chipani chimodzi, koma funsani agogo kapena malume za makadi a chipani. Adzakuuzani mmene anyamata a Youth League ankaimira pakhomo la msika kapena pokwerera basi, wopanda khadi osaloledwa kulowa. Pamapepala, anthu miyandamiyanda anali mamembala. Koma pa 14 June 1993, atapatsidwa mpata wovota pa referendamu, anthu oposa 60 pa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri. Ambiri mwa iwo khadi lija anali atagulapo. Khadi linkaonetsa "inde," koma zakukhosi zinali zina, ndipo zinadikira zaka zambiri.

Makolo ali ndi mwambi wina umene umandisangalatsa pa nkhani imeneyi: kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Wamkulu akakupatsa nsalu kuti uchape, sungamuyankhe kuti sindikufuna. Umailandira, n'kuiviika m'madzi. Ena amaumva mwambiwu ngati phunziro la ulemu, ndipo sakulakwa. Koma uyang'aneni kuchokera kumbali ya mwini nsalu. Iye analandira "inde," koma madzulo apeza nsalu yake yonyowa, yosachapidwa. Ndi zimene amakolola aliyense amene sapatsa anthu mpata wokana: ntchito yoyamba koma yosatha, lonjezo la mawa lopanda mawa lake, foni yosayankhidwa.

Ife amene tinadutsa ku madrasa tinakumanapo ndi mawu a Chiarabu akuti ikrah, kutanthauza kukakamiza. Ma ulama a fiqh anaikambirana nkhaniyi mozama, chifukwa inkakhudza malonda, malumbiro, ukwati, talaka, ngakhale chikhulupiriro chenichenicho. Nkhani ya Ammar bin Yasir ambiri tikuidziwa. Makolo ake, Yasir ndi Sumayyah, anaphedwa ku Makkah chifukwa cha Chisilamu, ndipo iye mwini atazunzidwa kwambiri analankhula mawu amene omuzunzawo ankafuna. Anapita kwa Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) akulira. Mtumiki anamufunsa za mtima wake, osati za lilime lake, ndipo ma ulama a tafsir amalumikiza nkhaniyi ndi ndime 106 ya Surat An-Nahl, imene ikupatula munthu wokakamizidwa amene mtima wake wakhazikika pa chikhulupiriro. Ndime ina yodziwika, 256 ya Surat Al-Baqarah, ikukana kukakamiza pa nkhani ya chipembedzo. Mukaziika pamodzi ziwirizi muona kuti zikunena chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Kukanira kofinyidwa sikutulutsa munthu m'chikhulupiriro, ndipo kuvomera kofinyidwa sikumulowetsa. Mawu otuluka pakhosi logwidwa sawerengedwa ngati a mwini khosilo.

Mfundo imeneyi inali ndi mtengo wake. Imam Malik wa ku Madina, amene anamwalira mu 179 Hijri, ankaphunzitsa kuti talaka ya munthu wokakamizidwa sigwira ntchito. Olamulira a nthawi ya Khalifa Al-Mansur anamva msanga kumene mfundoyo ikulowera: ngati talaka yokakamiza ilibe mphamvu, ndiye kuti lumbiro la kukhulupirika limene anthu analumbiritsidwa mokakamiza nalonso lilibe mphamvu. Bwanamkubwa wa Madina analamula kuti Imam Malik akwapulidwe, mpaka mkono wake unaguluka paphewa. Taganizirani zimenezo: anamugwira pakhosi kuti asiye kuphunzitsa kuti kugwira pakhosi sikubala chilolezo. Iye sanasinthe. Pa nkhani ya talakayi ma Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, ali mbali imodzi ndi Imam Malik, pamene ma Hanafi ali ndi maganizo osiyana. Ndangotchula kuti wina asandilembere mu inbox kuti ndabisa kusiyana kwa ma madh-hab.

Koma apa ndipamene mawu athu aja amafunika kuwagwira mosamala, chifukwa achinyamatafe tawasandutsa chobisalira. "Anzanga anandigwira pakhosi, ndiye ndinangobetcha nawo." "Anandigwira pakhosi, ndiye ndinamuonetsa mayankho m'mayeso." Aise, anakugwira ndi chiyani? Ma ulama sanati aliyense wonena kuti ndinakakamizidwa ndiye kuti wakakamizidwadi. Anaika zoyenera kuona: kodi woopsezayo ali ndi mphamvu yochitadi zimene akunenazo, kodi woopsezedwayo akukhulupirira kuti zichitikadi, kodi analibe pothawira, ndipo kodi choopsacho ndi chachikulu. Kusekedwa ndi anzako kwa mphindi zisanu sikufika pamenepo. Anagwirizananso kuti pali zinthu zimene ngakhale mpeni uli pakhosi sizimaloledwa, monga kupha munthu wosalakwa kuti iwe upulumuke. Ammar anataya makolo ake onse awiri asanalankhule mawu aja. Kubwereka chifukwa chake kuti tikaphimbire ulesi wathu wokana, kumeneko ndi kumunyoza.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, pa dzanja lofewa lija. Ambiri a ife sitidzakwapula munthu. Chida chathu ndi manyazi. Mu gulu la WhatsApp muli chopereka cha ukwati wa mnzathu. Mndandanda ukutumizidwa m'mawa uliwonse, opereka ali ndi chizindikiro chobiriwira, osapereka mayina awo ali mbulanda pansi. Kenako wina alemba, "Otsalawa tikukudikirani, tikudziwa kuti ma allowance alowa." Mnyamata amene watsala ndi K3,000 yoti adyere sabata yonse atumiza K2,000 pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo gulu lonse liyankha MashaAllah. Pa perekaniperekani ndi chimodzimodzi: woyendetsa mwambo aitana mtundu wina wa anthu, maso onse atembenukira kwa iwe, ndipo udzuka ndi ndalama ya minibasi yobwererera kunyumba.

Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba za nkhani yotereyi mu Ihya Ulum al-Din. Maganizo ake, mwachidule, ndi akuti ukamupempha munthu pagulu mwa njira yoti apereke chifukwa choopa manyazi, pamene akanakhala yekha sakanapereka, chimene walandiracho sichisiyana kwenikweni ndi cholanda. Kusiyana kwake ndi kwakuti wina amamenya thupi, iwe wamenya mtima. Nditakumana ndi mfundo imeneyi ndinaona kuti ndi yolimba kwambiri, mwina kuposa mmene tingathere kuitsatira. Pajatu ntchito zambiri zabwino pakati pathu zimayenda ndi ka manyazi pang'ono. Anthu akanasiyidwa okhaokha, maliro ena akanasowa nkhuni, ndipo mizikiti ina ikanakhala yopanda denga mpaka lero. Sindikunena kuti mindandanda ithe. Mndandanda wa opereka umathandiza kuti msungichuma asadye ndalama, ndipo zimenezo n'zofunika. Koma mndandanda wa osapereka ntchito yake ndi imodzi yokha, ndipo tonse tikuidziwa. Sadaka imene yatuluka chifukwa dzina langa lili pansi pa mndandanda, kaya ili ndi malipiro otani kwa ine, koma amene anaifinya asadzinamize kuti wandithandiza kuchita zabwino.

Dzanja lofewa limapweteka kwambiri likakhala la munthu amene umamukonda. Mtsikana wamaliza Fomu 4, akufuna kupitiriza sukulu, koma kwabwera mwamuna wa ndalama zake wochokera ku Joni. Palibe amene amumenya. Mayi angoti, "Ine ndinakuyamwitsa, lero undichititse manyazi?" Bambo asiya kumulankhula. Azakhali abwera kudzagona masiku atatu. Pa tsiku la nikah afunsidwa, iye aweramitsa mutu, ndipo akuluakulu ati wavomera, pakuti tinaphunzira kuti kukhala chete kwa namwali ndi chilolezo chake. Zoona, tinaphunzira. Koma chete amene akunenedwa pamenepo ndi wa manyazi a munthu amene akufuna koma akuchita manyazi kunena. Chete wa munthu amene wagwidwa pakhosi kwa miyezi itatu ndi wina. Onse awiri samveka m'khutu, n'chifukwa chake ofunsawo ali ndi udindo wodziwa kuti amene ali patsogolo pawo ndi uti.

Mu Sahih Al-Bukhari muli nkhani ya Khansa bint Khidham, mayi wa Chiansari amene anakhalapo pabanja kale. Bambo ake anamukwatitsa iye asakufuna, anakadandaula kwa Mtumiki (s.a.w), ndipo ukwatiwo unathetsedwa. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 22, nawonso amaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja, ndipo kuyambira 2017 salolanso ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngakhale makolo atavomereza. Choncho pa nkhani iyi palibe kukokana pakati pa deen ndi lamulo. Chimene chimatsala ndi chizolowezi chathu chowerengera "inde" aliyense ngati wofanana ndi mnzake.

Wina afunsa, ndipo ali ndi mfundo: ndiye tisamapanikize munthu aliyense? Nanga amene anandikongola K50,000 chaka chatha, lero akusintha mafoni, ine akungonditumizira "InshaAllah mwezi wamawa"? Nanga bwana amene sakulipira mlonda wake miyezi inayi? Nanga nduna imene yadya ndalama za mankhwala? Apa ine sindizengereza. Agwireni. Mtumiki (s.a.w) anatcha kuzengereza kwa munthu amene ali nazo zobweza kuti ndi kupondereza. Kumusumira kwa amfumu, kwa Sheikh kapena kukhoti, kukana kumubwerekanso, kuchita zionetsero zamtendere, zonsezi ndi kukweza mtengo wa "ayi" wake, ndipo n'zoyenera. Chifukwa chake ndi chakuti chimene mukufunacho si chake. Ndi haki yanu imene ili m'manja mwake. Simukupempha chilolezo chake, mukutenga chanu.

Ndiye poyesa ngati kugwira pakhosi kuli koyenera, ine ndimayamba ndi funso lakuti chinthu chikufunidwacho ndi chandani. Ngati ndi ngongole, malipiro a wantchito kapena chuma cha anthu, mwini wake ali ndi ufulu wopanikiza kudzera m'njira zovomerezeka. Ngati ndi mtima wa munthu, thupi lake, voti yake, sadaka yake, chikhulupiriro chake, kapena kusankha amene akhale naye moyo wonse, zimenezo ndi zake, ndipo phindu lake lonse lili pa kuperekedwa mwaufulu. Ukazifinya umalandira chikopa chokha. Ngakhale pa ngongole pomwepo pali malire. Qur'an, pa ndime 280 ya Surat Al-Baqarah, imalamula kumudikira wangongole amene ali pa mavuto mpaka zitamuyendera. Wa katapila amene walanda khadi la ku banki la mphunzitsi ndi nambala yake yachinsinsi, n'kumatapa malipiro ake mwezi ndi mwezi pa chiwongoladzanja, sangabisale kuseri kwa mawu oti akungotenga chake.

Pali malo ena pamene ndimavomereza kuti mzerewu suoneka bwinobwino, makamaka pa makolo ndi ana. Mwana wa zaka zisanu amamwetsedwa mankhwala a malungo akulira, ndipo palibe amene anganene kuti walakwiridwa. Wa zaka 10 amadzutsidwa kupita ku sukulu ndi ku madrasa ngakhale asakufuna. Koma dzanja limene linali loyenera pa zaka zisanu, likapanda kumasuka pang'onopang'ono, pa zaka 22 limakhala chinthu china. Makolo ambiri sanasankhe kukhala ogwira pakhosi. Anangoiwala kuchotsa dzanja. Ndipo ife amene tayamba kukhala ma ameer a timagulu, achimwene ndi achemwali aakulu m'nyumba, aphunzitsi a ana ku madrasa nthawi ya holide, tayamba kale kuyeserera dzanja lomwelo pa amene ali pansi pathu. Munthu wa udindo akapempha, wopemphedwayo nthawi zambiri sadziwa ngati akupemphedwa kapena akulamulidwa, ndiye amasankha kuganiza kuti akulamulidwa, poti ndi kumene kulibe ngozi.

Pa chifukwa chimenechi nkhani ya Barirah imandikhudza kuposa zonse zimene ndatchulazi. Barirah anali kapolo amene Mayi Aisha (radhiya Allahu anha) anamugula n'kumupatsa ufulu. Mwamuna wake, Mughith, anali akadali kapolo, ndipo Barirah atamasulidwa anapatsidwa mwayi wosankha kukhalabe naye kapena kusiyana naye. Anasankha kusiyana naye. Mughith ankamukonda kwambiri, moti ankamutsatira m'misewu ya Madina akulira, misozi ikutsikira pa ndevu. Mtumiki (s.a.w) anaona zimenezi, zinamukhudza, ndipo anapita kukalankhula ndi Barirah kuti bwanji abwererane.

Taganizirani amene akulankhulayo. Ndi munthu amene lamulo lake Msilamu sangalikane, mtsogoleri wa mzinda wonse, mwamuna wa mayi amene anamugulira ufulu. Kumbali inayi kuli mayi amene dzulodzuloli anali katundu wa anthu. Panalibe chifukwa chokwezera mawu. Kungokhala chete pang'ono, kapena kungomukumbutsa amene anamumasula, zikanakwana. Barirah anafunsa funso limene ambiri a ife timaopa kufunsa akuluakulu athu: ngati limeneli linali lamulo. Mtumiki anamuyankha momveka kuti silinali lamulo, iye ankangomupemphera Mughith. Barirah atamva zimenezo ananena kuti Mughith sakumufuna, ndipo sanabwererane.